Galimoto yakana chitunda cha ku Chawe? Musathamangire kugula injini ina

Tsiku limene ndinavomereza kuti galimoto yanga yatha mphamvu linali Loweruka, alamu anga atabwera kuchokera ku Lilongwe n'kunenetsa kuti sabwerera osaona damu la Mulunguzi. Tinakwera anthu anayi mu Corolla yanga ya 1997, ija ya injini ya 5A-FE, n'kuuyamba msewu wa ku Chawe. Tisanafike ndi pakati pomwe, giya yachiwiri inakana. Ndinabwerera mu giya yoyamba, phazi lili pansi, injini ikulira ngati chigayo, koma mayendedwe ake a anthu operekeza maliro. Mnyamata wina wogulitsa masitiroberi anatiyandikira pawindo n'kumayenda nafe limodzi, mbale ili m'manja. Anatchula mtengo, alamu ananenerera, anamvana, ndalama inaperekedwa, chenji n'kubwera, ine osaponda buleki ndi kamodzi komwe.

"Alamu," anatero iwo akutafuna, "galimoto yanuyi ikufuna injini ina."

Ambiri timathamangira kumeneko. Koma injini ya kaunjika simudziwa kuti inatumikira ndani ndipo inatopa bwanji, pomwe yanuyo mumaidziwa mpaka chifuwa chake. Injini yaing'ono ya zaka 20 kapena 25 kawirikawiri imakhala isanafe. Mphamvu zake zimangotayika apa pang'ono, apo pang'ono, ngati madzi a mumtsuko wong'aluka, ndipo poti zimachoka mwakachetechete mwini wake amazolowera. 5A-FE inatuluka m'fakitale ili ndi horsepower pafupifupi 100. Ntchito yaikulu ndi kubweza zimene zinatayikazo. Zowonjezera pamwamba pa zimenezo zilipo, tizikamba kumapeto, koma n'zochepa kuposa mmene ogulitsa zida amalonjezera.

Chimodzi chokha simungachikonze ndi sipanala. Injini yopanda turbo, chida chokankhira mpweya wambiri mu injini, imapuma mpweya umene waipeza, ndipo mpweya umapepuka tikamakwera. Pa mamita 100 alionse injini yotere imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ku Chawe n'kopitirira 1,500. Ndiye galimoto yangwiro imakhala itaperewera kale pafupifupi 9 peresenti ili pa msika, n'kufika cha ku 15 peresenti pamwamba pa phiri, pomwe mukuzifunitsitsa mphamvuzo. N'chifukwa chake kuno kwathu sitingalekerere timavuto ting'onoting'ono timene wa ku Nsanje sangatimve n'komwe.

1. Yezani kaye

Khutu limanama. Galimoto ikangoyamba kulira mokweza, mwini wake amalumbira kuti yayamba kuthamanga. Choncho musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe, pezani nambala. Sankhani kachigawo ka msewu kowongoka, kopanda mahampu, kunja kwa tauni, ndipo mupiteko m'mamawa a kabaza ndi ana asukulu asanadzaze msewu. Injini ikhale yotentha kale. Ikani giya yachitatu, yendani pa 40, pondani moto mpaka pansi, mnzanu awerenge masekondi pa foni mpaka muvi ufike pa 80. Chitani popita ndi pobwera, mulembe m'kabuku. Ngati yanu ndi otomatiki, chitani zomwezo ili pa D, poyambira pakhale pamodzimodzi nthawi zonse.

Yanga inatenga masekondi 15. Kuchokera apa, mukakonza chinthu chimodzi muzibwerera pamsewu womwewo. Mukasintha zinthu zisanu tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene changodya ndalama.

2. Akuba amene sali mu injini

Apa ndi pamene pali mphamvu zaulere, ndipo ndi pamene anthu amalumpha.

Yambani ndi mabuleki. Yendani makilomita angapo osawaponda kwambiri, imani, muyandikize dzanja pa rimu iliyonse. Ikapezeka ina yotentha kuposa zinzake, buleki ya pamenepo ikugwira yokha. Jekani, muzungulitse tayala ndi dzanja: liyenera kuzungulira lokha kangapo lisanaime. Galimoto imene imadutsa m'matope a njira ya ku Chingale kapena ya ku Kachulu nthawi ya dzinja, mapini a kalipa ndi chingwe cha handibuleki zimachita dzimbiri n'kumakanirira. Kwa ine linali tayala lakumbuyo kumanzere. Ndinayenda miyezi ndikukoka buleki ngati ngolo yomangirira mwala.

Kenako matayala. Chifukwa cha maenje ndi mahampu timakonda kuveka matayala aakulu kuti galimoto ikwereko m'mwamba. Nzeru yake ilipo, koma ili ndi mtengo. Galimoto yobadwa ndi 175/65 R14 mukaiveka 185/70 R14, tayala lakula ndi 5 peresenti, ndipo kukoka kwa giya iliyonse kwatsika ndi mlingo womwewo. Mukafika pa 195/65 R15 mwataya pafupifupi 8 peresenti, osawerengera kulemera kwa marimu onyezimira aja. Saizi yoyenera ndi mlingo wa mpweya zinalembedwa pa kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala; pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri mpweya umakhala cha m'ma 2.2 bar. Muziyeza matayala ali ozizira, osati pongowamenya ndi nsapato.

Tsegulani buti. Vitz kapena March imalemera mozungulira tani imodzi, ndiye matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a galimoto yonse. Batire yakufa, zigubu za madzi, matayala awiri otha amene mukuti mudzagulitsa, zonsezi mumakwera nazo phiri tsiku ndi tsiku.

Chotsatira chimachititsa manyazi chikapezeka. Injini ili yozima, wina akhale mkati aponde moto mpaka pansi, inu muyang'ane pomwe chingwe cha pedulo chimakoka chitseko cha mpweya, chija amakanika amati throttle. Yesani kuchikankha ndi chala. Chikasunthanso, ndiye kuti sichimatseguka chonse: chingwe chinatamuka, kapena pansi pa pedulo pali makapeti awiri osanjikiza. Manati awiri a pa chingwecho ndi amene amakonza zimenezi, mphindi zisanu basi. Musachikungitse kwambiri, chisiyireni kampata kochepa kuti injini isamalire yokha. Magalimoto atsopanoko amene pedulo yake ndi yamagetsi alibe chingwechi, koma kapeti muyang'anebe.

Kilatchi yesani chonchi: muli mu giya yachinayi pa liwiro lochepa, pondani moto mwamphamvu. Injini ikakweza mawu liwiro osakwera, kilatchi ikuterera, ndipo palibe pulagi imene ingachize zimenezo. A otomatiki, onani mafuta a giyabokosi; akada n'kumanunkha chopserera, asintheni. Ngati giyabokosi yanu ndi CVT, mtundu wa otomatiki wopanda magiya owerengeka, monga ya Fit ndi ma Vitz ndi ma Sienta ambiri, imafuna mafuta ake a CVT, osati ATF, mafuta a otomatiki wamba, amene wa pa shopu angakupatseni poti ndi amene ali nawo.

3. Funsani injini ngati idakali ndi mtima

Musanawononge ndalama pa zina zonse, yezetsani kompuresheni, mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Geji yake amakanika ambiri ali nayo, ndipo ntchito yake siposa theka la ola. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse achotsedwe, fyuzi ya EFI izulidwe kuti petulo ndi moto zisabwere, pedulo ipondedwe mpaka pansi, kenako silinda iliyonse izunguliridwe ndi sitata mpaka muvi wa geji uime. Imani pomwepo muziona nokha manambala, musangouzidwa kuti "ili bwinobwino".

Pa mainjini a Toyota a mtundu wa 4A-FE, buku limati yangwiro imakhala cha pa 13 bar, yotsikitsitsa yovomerezeka ndi pafupifupi 10, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 1 bar. Kuno kumtunda manambala onse amatsikako pang'ono, choncho chofunika kwambiri ndi kufanana kwake. Silinda ina ikatsalira, thiranimo oyilo wokwana supuni yaing'ono kudzera pa bowo la pulagi, muyezenso. Nambala ikakwera, malingi atha. Ikapanda kusintha, vuto lili ku mavalavu. Masilinda awiri oyandikana akatsikira limodzi, kaikirani gasiketi ya hedi.

Ngati onse ali pansi pa 10, utsi wabuluu ukutuluka, oyilo mukuwonjezera sabata iliyonse, lekezani pomwepa. Injiniyo ikufuna ovaholo ya malingi, mabeyaringi ndi kupala mavalavu, ndipo imeneyo ndiyo njira yobwezera mphamvu zake popanda kugula ina. Yanga inapereka 12, 12, 11.5 ndi 12. Mtima unali wabwino, matenda anali kwina.

4. Mpweya

Chotsani fyuluta ya mpweya muiyang'anitse kudzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, itayeni. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limaitseka msanga kuposa mmene buku la ku Japan limaganizira, ndipo kuipopera ndi kompuresa kumangoboola pepala lake, fumbi n'kumalowa kukadya malingi.

Ndiulule tchimo langa. Sabata yotsatira ulendo wa masitiroberi uja ndinagula fyuluta yofiira yooneka ngati chulu, n'kuchotsa bokosi lakuda la fakitale. Galimoto inayamba kubangula mokoma. Nditayeza, masekondi anali 15 omwe aja, masana kukatentha 16. Makanika wachikulire amene anadzandithandiza pambuyo pake anangoiyang'ana n'kupukusa mutu. "Achimwene, munthu akudwala malungo inu mwamugulira suti." Anandionetsa kuti bokosi lakuda lija limakoka mpweya wozizira kutsogolo kwa galimoto, pomwe chofiiracho chimamwa mpweya wotentha wa pambali pa injini. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi 3 peresenti, ndipo pansi pa boneti pamatentha kuposa apo. Bwezerani bokosi, muikemo fyuluta yatsopano yabwino.

Onaninso paipi yarabala yochokera ku bokosilo, muipinde kuti ming'alu ionekere, ndi timapaipi tonse tating'ono ta vacuum. Tsukani throttle ndi mankhwala opopera otsukira kabureta. Pa mainjini ngati 1NZ-FE ya Sienta, Probox ndi Corolla ya m'ma 2000, pali sensa yoyeza mpweya, ya MAF, pafupi ndi fyuluta. Timawaya take tikachita fumbi, kompyuta imaganiza kuti mpweya ndi wochepa n'kuchepetsa petulo. Imasuleni, muipopere mankhwala otsukira zamagetsi, iume yokha. Osaikhudza ndi nsalu kapena kamtengo. Timawayato n'tosachedwa kuduka ndipo sensayo si yotchipa.

5. Moto

Mapulagi ndi kalata yochokera mkati mwa injini. Nsonga yakhofi wotuwa, zili bwino. Yakuda ya mwaye wouma, petulo akuchuluka. Yonyowa ndi oyilo, malingi kapena masilo a mavalavu. Yoyera mbuu, petulo akuchepa kapena injini ikutentha. Gulani nambala yeniyeni ya injini yanu, osati iliyonse imene yalowa pa bowo. Pa mapulagi a NGK ndi Denso, 11 wa kumapeto kwa nambala amatanthauza mpata wa mamilimita 1.1. Achinyengo ndi ambiri pamsika; mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani.

Eni Honda Fit yoyamba ija, ya injini ya 1.3 yolembedwa i-DSI, tcherani khutu: ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse. Anayi akutsogolo amaoneka mukangotsegula boneti, anayi enawo anabisala kumbuyo. Si zachilendo kupeza akumbuyowo ali omwe anabwera nawo pa sitima.

Ngati yanu ili ndi distributor, chida chogawira moto ku mapulagi, tsegulani kapu muone ngati yang'aluka kapena nsonga zake zadyeka, rota chimodzimodzi. Usiku kuli mdima, injini ikulira, yang'anani zingwe za mapulagi: mukaona timoto tabuluu tikudumpha, zatha. Injini yomisa pokwera mtunda pokha, pamalo athyathyathya ili phee, kawirikawiri ndi koyilo kapena chingwe chofooka.

6. Petulo

Petulo akasowa tonse timadziwa kumene timathawira. Wa m'zigubu simudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani, ndipo parafini akalowamo injini imagogoda n'kufooka. Komanso petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene wakhala akupangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndipo pano amapangidwanso ku Chikwawa. Ethanol payekha si mdani, amathandizanso kuti injini isagogode, koma amakoka chinyontho, ndiye thanki yokhalira theka lopanda kanthu kapena chigubu chosatseka bwino chimasonkhanitsa madzi ndi dzimbiri.

Sinthani fyuluta ya petulo. Pa 5A-FE ndi anzake a zaka zimenezo ili pansi pa boneti. Pa 1NZ-FE ili mu thanki limodzi ndi pampu, n'chifukwa chake imaiwalika. Chizindikiro cha fyuluta yotsekeka kapena pampu yotopa n'chakuti m'tauni galimoto imayenda bwino, koma pa chitunda chachitali imayamba kubanika ngati wina waigwira pakhosi. Chizolowezi choyendera kanyali ka mafuta kali koyaka chimapha pampu, chifukwa petulo yemweyo ndi amene amaiziziritsa. Mainjekita akakhala okaikitsa, achotsedwe akatsukidwe pa makina n'kuona mmene akupoperera. Botolo lothira mu thanki silitsegula injekita yotsekeka kwenikweni.

7. Thermostat, kanyali ka check, ndi oyilo

Apa ndidandaule pang'ono. Pali chikhulupiriro chakuti thermostat, valavu yotsekera madzi kuti asapite ku redieta injini isanatenthe, ndi ya kumaiko ozizira, kuno kwathu n'kosafunika. Galimoto ikangowira kamodzi, choyamba kutayidwa ndi chimenecho. Yanganso pa galaja ina anandichotsera osandiuza, nditapita ndi vuto la paipi yodontha. Zotsatira zake, muvi wa kutentha sunkafika pakati, makamaka mu Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta phiri.

Thermostat ya mainjini amenewa imatseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo kompyuta inakonzedwa kuti izigwira ntchito bwino injini ikafika pamenepo. Ikamaona kuti injini idakali yozizira, imathira petulo wochuluka ngati mmene imachitira m'mawa poliza. Petulo wotsalayo amadetsa mapulagi, amatsuka oyilo m'makoma a silinda, n'kupita kukapsera mu ekizozi. Ikani thermostat yatsopano. Galimoto ikawira ili nayo, vuto lili pa redieta yotsekeka, fani, kapu ya redieta kapena pampu ya madzi, ndipo limenelo ndi loyenera kukonza. Muthiremo coolant, osati madzi a pa mjigo okha.

Tembenuzani kiyi osaliza injini. Kanyali ka check kayenera kuyaka, kenako n'kuzima injini ikalira. Kakapanda kuyaka n'komwe, wina anazula babu kuti galimoto igulike. Pa ma Toyota a m'ma 1990, pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Mukalumikiza timabowo take totchedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya, kanyaliko kamaphethira manambala a vuto, inu n'kuwerenga. Atsopanoko amafuna kamakina kolowetsa pansi pa chiwongolero. Sensa ya kutentha kwa madzi, ya oxygen kapena ya kugogoda kwa injini ikafa, kompyuta imasankha kuyenda mwamantha, ndipo mantha akewo ndi mphamvu zanu.

Oyilo wokhuthala wa 20W-50 ali ndi malo ake, mu injini yakale yotha. Koma mu injini ya VVT-i ngati 1NZ-FE, oyilo ndi amene amasuntha camshaft kuti mphamvu zibwere. Akakhuthala kapena akada, kasefa kakang'ono ka pa valavu ya VVT-i kamatsekeka, galimoto n'kukhala yaulesi. Tsukitsani kasefako, mubwerere ku oyilo amene buku likunena, monga 5W-30 kapena 10W-30, ndipo m'fumbi lathuli musapitirire makilomita 5,000.

8. Potulukira utsi

Munthu wotsekeka mphuno sathamanga. M'kati mwa ekizozi, pafupi ndi injini, muli catalytic converter, chinthu chonga chisa cha njuchi chimene chimatentha utsi woipa. Injini ikakhala nthawi yaitali ikumisa kapena ikumwa petulo wochuluka, chisacho chimasungunuka n'kutseka njira. Galimoto yotere imalira bwino ikaima, imanyamuka bwino, koma ikafika penapake imakana kupitirira ngakhale muponde bwanji, ndipo ikatentha zimanyanya.

Umu ndi mmene makanika wachikulire uja anachigwirira. Anamasula sensa ya oxygen ya kutsogolo kwa chisacho kuti utsi upeze potulukira pena, n'kundiuza kuti ndizungulire kamtunda kochepa chabe. Phokoso linali loopsa, koma galimoto inadumpha ngati mbuzi yomasulidwa pa chingwe. Titamasula, theka la chisa linali litaundana ngati mwala. Thermostat yochotsedwa ija ndi imene inabala zonsezi.

Apa mudzapeza aphungu ambiri okuuzani kuti mungochigogoda chituluke, ena mpaka kukupatsani ndalama, chifukwa m'kati mwake muli zitsulo zodula monga platinum ndi palladium. Chisa chabwinobwino sichibera injini mphamvu zoti mungazimve, ndiye musalole kuti achichotse chili changwiro. Chikatsekeka, njira yabwino ndi kuikapo china. Mukasiya chibowo, utsi wake mudzaupuma ndinu ndi ana anu pa mzere wa pa filling station, ndipo magalimoto okhala ndi sensa yachiwiri amayatsa check osazimanso. Onaninso ngati paipi sinaphwanyike pa hampu, ndi ngati sailensa sinagumukire mkati.

9. Thayimingi ndi mavalavu

Lamba wa thayimingi wa 4A-FE, 5A-FE ndi 4E-FE amasinthidwa pa makilomita 100,000. Womuika akaphonya dzino limodzi lokha, injini imalira ndithu koma imakhala ngati yagona ndi njala. Ngati kufooka kunayamba lamba atangosinthidwa, tsegulitsani muone zizindikiro za pa mapule ngati zikugwirizana.

Nthawi ya moto pa mainjini a distributor imaikidwa ndi tochi yake ya thayimingi, osati ndi khutu. Injini yotentha, TE1 ndi E1 zolumikizidwa, chizindikiro chikhale pa madigiri 10 pisitoni isanafike pamwamba. Ambiri amaiwala kawayako, n'kumalimbana ndi kompyuta imene ikusintha nthawiyo iwo akuika. Yanga tinaipeza ili pa 4. Wina anaibweza kale pofuna kubisa kugogoda kwa petulo woipa.

Mpata wa mavalavu nawo umasintha ndi zaka. Ukachepa valavu sitseka bwino ndipo imapsa, ukakula sitseguka mokwanira. Pa Fit, pa 2E ya Corolla yakale ndi pa Nissan 1400 amasintha ndi sikuludalaiva ndi sipanala; pa 5A-FE pamafunika timashimu, ntchito yofuna munthu wodekha. A kabureta, tsukitsani majeti, muone ngati kapampu kamalavula petulo mukaponda moto, ndi ngati chitseko chachiwiri chimatseguka, chifukwa chimakonda kumatirira kwa dalaivala amene saponda kwambiri.

Pofika apa kabuku kanga kankati: buleki ndi chingwe cha pedulo, masekondi 14, fyuluta, mapulagi ndi thermostat, 13, ekizozi, 11, thayimingi, 10 ndi theka.

10. Mukafuna zoposa za fakitale

Tsopano tingakambe zowonjezera, injini ili yangwiro.

Chotchipa kwambiri ndi kupititsa thayimingi patsogolo ndi madigiri awiri, kuchoka pa 10 kufika pa 12. Kumtunda kuno mpweya wopepuka umapereka kampata kotero. Mukatero kwerani chitunda mu giya yokwera, mawindo otsegula, wailesi yozima. Mukamva kulira ngati timisomali tikugwedezeka m'chitini, bwezani nthawi yomweyo. Kugogoda kumeneko kumaboola pisitoni. Kumbukiraninso kuti mukatsikira ku Liwonde kapena ku Mangochi kotentha, kapena mukathira petulo wokaikitsa, kampata kaja kamatha.

Ekizozi yopangidwa bwino imathandizako: manifold ya mapaipi anayi olowa mu awiri kenako mu imodzi, paipi ya mamilimita 45 mpaka 50 pa injini ya 1.5, makona osaphwanyika, ndi sailensa yosatsekereza. Phindu lake ndi maperesenti owerengeka, omveka kwambiri injini ikakwera mawu. Paipi yaikulu ngati ya lole pa injini yaing'ono imachepetsa kukoka kwa pansi, kumene mumakufuna ponyamuka pa mtunda. Chitini chaphokoso chakumbuyo chimangodzutsa anthu a ku Matawale.

Ngati hedi yatsika kale pa chifukwa china, gwiritsani ntchito mwayiwo. Ku Limbe ndi ku Blantyre kuli malo a makina opala hedi: apale mipando ya mavalavu bwino, asalaze zokhakhala za m'njira za mpweya popanda kuzikulitsa, ndipo hedi ipalidwe pang'ono, osafika theka la milimita, kuti kompuresheni ikwereko. Kupala mopitirira kumabweretsa kugogoda komwe kuja. Kutsitsa hedi yabwinobwino chifukwa cha izi zokha, ine sindingakulimbikitseni.

Za "chip" cholumikiza ndi mawaya awiri, maginito omangirira pa paipi ya petulo, ndi kafani koika mu paipi ya mpweya, sungani ndalama zanu. Chip chotere kawirikawiri ndi ka resistor konamiza kompyuta kuti kunja kukuzizira.

Nanga turbo? Imagwiradi ntchito, ndipo kumtunda ndiye kwake. Koma taonani mmene Toyota anachitira pa Starlet: injini ya 1.3 ya turbo, 4E-FTE, inkapereka horsepower pafupifupi 135, koma inali ndi mapisitoni ake a kompuresheni yotsika, mainjekita ake, kompyuta yake ndi choziziritsira mpweya. Kumangirira turbo pa injini wamba yotopa, popanda zonsezo ndi munthu wodziwa kukonza kompyuta, ndi kuitanira mapisitoni maliro. Walira mvula walira matope: kilatchi, mabuleki ndi redieta nazo zidzafuna zazikulu, ndipo a inshuwalansi ayenera kuuzidwa.

11. Phazi lanu

Mainjini aang'onowa mphamvu zawo zili m'mwamba. 1NZ-FE imakoka kwambiri ikamazungulira cha pa 4,200 pa mphindi (rpm) ndipo mphamvu zake zonse zimafika pa 6,000. Ife pofuna kusunga petulo timasintha giya pa 2,000, n'kumaikwezera phiri ikubuula. Kumeneko n'kuizunza, ndipo petulo simusunga. Pa chitunda, sungani muvi pakati pa 3,000 ndi 4,500, tsitsani giya musanalowe pa kona osati mutatuluka, ndipo zimitsani AC, imene pa injini ya silinda zitatu ngati 1KR-FE ya Vitz ndi Passo imamveka ngati mwakweza munthu wina. A otomatiki, dinani O/D OFF kapena ikani pa 2, kuti giyabokosi isamangosakasaka giya.

Potsika ku Chawe gwiritsani giya yomwe munakwerera, injini izikugwirirani. Mukatsika mutapondereza buleki njira yonse, pofika kumunsi pedulo imafewa ngati nthochi yakupsa. Mafuta a mabuleki amamwa chinyontho ndipo amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse; ngati simukumbukira tsiku limene anu anasinthidwa, chitani zimenezo sabata yomweyo imene galimoto yayamba kukoka.

Alamu anabweranso pa Khirisimasi. Tinakwera anthu anayi omwe aja, mbali yaikulu mu giya yachitatu, yachiwiri pa makona okhaokha. Masitiroberi sitinagule, chifukwa pomwe iwo ankati "imani, imani" tinali titawapitirira kale anyamatawo, ndipo panalibe poti n'kukhotera.